Duwa Lofiira ndi Mzinga wa kwa Mponda

Munthu wofika ku boma la Mangochi, m'dziko la Mfumu Mponda, asanaoloke mlatho wa pa Shire amaona zinthu zitatu zoikidwa pamalo amodzi. Choyamba ndi nsanja ya koloko imene Angelezi anamanga pokumbukira Mfumukazi Victoria, amene anamwalira m'chaka cha 1901. Chachiwiri ndi mzinga umene unali pa sitima ya nkhondo yotchedwa Gwendolen. Chachitatu ndi chikumbutso cha anthu 145 amene anamira pamodzi ndi sitima ya Vipya m'chaka cha 1946. Aphunzitsi ambiri amatenga ana ao kukaona zinthuzi, ndipo amachita bwino. Koma zikwi za amuna a m'midzi yozungulira amene anasenza akatundu a nkhondo kuchokera padooko lomwelo, ena mwa iwo osabweranso kwao, zinthu zitatuzi siziwatchula.

Chikumbutso sichimera chokha monga bowa. Pali munthu amene amasankha kuti akumbukiridwe ndani, pa tsiku liti, ndi mwa njira yotani, ndipo kawirikawiri munthuyo ndiye wolamula dziko. Tsono popeza chaka chilichonse m'mwezi wa Novembala atsogoleri a ndale amaoneka atapachika duwa lofiira pachifuwa pokumbukira asilikali amene anafa pa nkhondo, nkoyenera kuti mphunzitsi adziwe kumene mwambowu unachokera, ndi momwe olamula a nthawi zosiyanasiyana akhala akudyerapo pa zizindikiro zotere.

NKHONDO IFIKA KWA MPONDA

Mponda anali mfumu yamphamvu ya Ayao, ndipo mudzi wake unali pamalo okhumbirika, pamene madzi a nyanja amatsikira mu Shire. Aulendo a malonda a minyanga ndi akapolo ankaolokera pamenepo popita kugombe la kum'mawa, ndipo David Livingstone anafikapo m'chaka cha 1866. Pamene Angelezi anatenga dziko lino m'chaka cha 1891, Harry Johnston anaona kuti wogwira doko la Mponda wagwira khomo la nyanja yonse. Kotero anafika ndi asilikali a Chisikhi ochokera ku India, pamodzi ndi mkulu wao Cecil Maguire, namanga linga pafupi ndi mudzi wa mfumuyo, naliombera mudziwo ndi mizinga. Lingalo ndilo linatchedwa Fort Johnston, dzina limene boma la Mangochi linakhala nalo kufikira dziko litalandira ufulu. Maguire anaphedwa chaka chomwecho pomenyana ndi anthu a Makanjira, ndipo nkhondo za Angelezi ndi mafumu a Ayao zinapitirira mpaka 1895.

Chodabwitsa nchakuti ana a anthu ogonjetsedwawo ndiwo analowa usilikali wa Angelezi mwaunyinji. Gulu la King's African Rifles, limene anthu ankalitcha Keyala, litakhazikitsidwa m'chaka cha 1902, Ayao anali ambiri m'menemo, ndipo Azungu ankawatama kuti ndiwo mtundu wodziwa nkhondo. Chitamando chimenechi chinali ndi mtengo wake, ndipo mtengowo unaoneka m'chaka cha 1914.

NKHONDO YA CHIWAYA

Nkhondo yaikulu yoyamba itabuka ku Ulaya, Majeremani anali kulamula dziko la kumpoto chakum'mawa kwa nyanja, limene lero ndi Tanzania, ndipo anali ndi sitima yao yotchedwa Hermann von Wissmann. M'mwezi wa Ogasiti 1914 Kapitawo Rhoades anapita ndi Gwendolen ku Sphinxhaven, kumene tsopano kumatchedwa Liuli, napeza sitima ya Majeremani ili pamtunda ikukonzedwa, naiombera. Kapitawo Berndt wa sitimayo, amene anali bwenzi lake, anali asanamve kuti nkhondo yayamba. Olemba mbiri amawerenga kuomberaku monga kupambana koyamba kwa Angelezi pamadzi m'nkhondo yonseyo, ndipo mzinga wa ku Mangochi umakumbutsa zimenezo.

Nkhani ya mzinga njokoma kuisimba, pakuti ili ndi nthabwala ndipo mulibe maliro ambiri. Zotsatira zake nzimene zinali zowawa. Nyanja itakhala m'manja mwa Angelezi, Fort Johnston anasanduka khomo lopitirapo asilikali, zipolopolo ndi chakudya. Ngakhale sitima ya Mishoni, Chauncy Maples, imene inalumikizidwa kwa Mponda komweko ndi kuyamba kuyenda m'chaka cha 1901, inatengedwa kukanyamula asilikali. Kumene sitima ndi galimoto sizikanafika, katundu ankayenda pamitu ya anthu. Dziko la Nyasaland linapereka asilikali pafupifupi 19,000 ndi amtengatenga pafupifupi 200,000, pamene anthu a m'dziko lonse anali ongopitirira pang'ono miliyoni imodzi. Ambiri sanapite mwa kufuna kwao. Amesenjala ankawagwira m'midzi usiku, ndipo mfumu yolephera kupereka anthu inkalangidwa. Ankayenda miyezi ndi miyezi ali ndi mtolo wolemera pamutu, mvula ikuwavumbwa, chakudya chili chochepa, ndipo kamwazi, malungo ndi chibayo zinapha ambiri koposa zipolopolo. Kumidzi minda inagonera, njala inalowa, ndipo nkhondo itangotha kunabwera mliri wa chimfine wa 1918 ndi 1919. Anthu anaitcha nkhondoyi ya Chiwaya, potengera mfuti yolira mosalekeza monga chimanga chokazinga.

Panali munthu mmodzi amene anaona zonsezi zisanafike pachimake. Itatha nkhondo ya ku Karonga ya mu Sepitembala 1914, Mbusa John Chilembwe wa ku Mbombwe analemba kalata ku nyuzipepala ya Nyasaland Times yodandaula kuti Afirika osauka akufera nkhondo yosakhala yao, ndi kuti mtendere ukadzabwera sadzapindula kanthu, koma kudzangotsala akazi amasiye ndi ana amasiye. Boma linaletsa kalatayo kufalitsidwa. Mu Januwale 1915 Chilembwe anaukira boma, ndipo anaphedwa mwezi wotsatira.

CHIYAMBI CHA DUWA

Duwa la popi silimera kwa Mponda. Limamera m'minda ya ku Belgium ndi ku France, makamaka panthaka yotembenuzidwa, ndipo nchifukwa chake linachuluka pamanda a asilikali ndi pamalo okumbidwa ndi mabomba. Dotolo wa asilikali wa ku Canada, John McCrae, analemba ndakatulo yotchula maluwawa m'chaka cha 1915, ndipo inatchuka kwambiri. Nkhondo inaleka ku Ulaya pa 11 Novembala 1918, nthawi ya 11 koloko m'mawa. Chaka chotsatira Mfumu George V inalamula kuti pa ora limenelo anthu onse a mu ufumu wake azikhala chete mphindi ziwiri. M'chaka cha 1921 bungwe la asilikali akale la British Legion linayamba kugulitsa maluwa opanga ndi nsalu, kuti ndalama zake zithandize opunduka ndi amasiye.

Apa pali mfundo ziwiri zoyenera kuzisunga. Yoyamba njakuti duwali linayamba monga chopereka. Wolivala ankasonyeza kuti waponya kanthu m'mbale ya ofedwa, monga momwe munthu amaperekera chipepeso pamaliro. Yachiwiri njakuti ora la 11 koloko silinali ora limene nkhondo inatha kuno. Mkulu wa asilikali a Majeremani, Paul von Lettow-Vorbeck, anali akuyendabe ndi gulu lake m'dziko la Northern Rhodesia, ndipo anatula zida ku Abercorn, kumene lero ndi Mbala, pa 25 Novembala. Amtengatenga anali asanatule mitolo yao pamene mabelu ankalira ku London.

Ku England komweko duwali silinachedwe kulowa m'ndale. Pofika 1933 amai ena a m'mabungwe a makopaletivu anayamba kuvala duwa loyera, ponena kuti lofiiralo layamba kutamanda nkhondo m'malo molira akufa. Patapita zaka zinafika poti wandale wooneka pagulu m'masiku amenewo wopanda duwa ankanyozedwa m'manyuzipepala. M'chaka cha 2015 a ofesi ya nduna yaikulu David Cameron anaika pa Facebook chithunzi chake chakale atachimata duwa ndi kompyuta, ndipo anthu atazindikira anaseka, chithunzicho nkuchotsedwa. Kanthu kameneka nkakang'ono, komatu kakuonetsa kumene mwambo umafika pamene kuoneka kwakula kuposa kukumbukira.

MAMENDULO A ATSAMUNDA

M'dziko la Nyasaland boma la atsamunda linagwiritsa ntchito tsikuli pophunzitsa anthu kumvera. Pa maboma a m'zigawo Bwana Disi ankaima pansi pa mbendera, mafumu, asilikali akale ndi ana a sukulu atandanda, ndipo mau ake ankakhala otama kukhulupirika kwa anthu akuda kwa Mfumu ya Angelezi. Ku Zomba kunamangidwa nsanja yokumbukira asilikali a Keyala. Mafumu okondweretsa boma ankalandira mamendulo okhala ndi nkhope ya Mfumu, oti azivala pakhosi pa masiku aakulu. Motero imfa za anthu ogwidwa mokakamiza zinkasimbidwa monga mphatso imene anthuwo anapereka mokondwa.

Nkhondo yachiwiri ya 1939 mpaka 1945 inatenganso amuna pafupifupi 30,000 a dziko lino. Anamenya nkhondo ku Abyssinia, ku Madagascar ndi m'nkhalango za ku Burma. Pobwerera analandira mamendulo ndi mau okoma, koma ndalama yothokoza inawerengedwa potsata khungu: msilikali wamba wa Chizungu ankalandira mashileni 10 pa mwezi uliwonse umene anatumikira, pamene wakuda ankalandira mashileni atatu ndi theka. Ndiponso m'chaka cha 2021 bungwe losamala manda a asilikali, la Commonwealth War Graves Commission, linavomera kuti anthu osachepera 116,000, mwinanso kufika 350,000, ambiri a iwo a kum'mawa kwa Afirika ndi ku Egypt, amene anafa pa nkhondo yoyamba, sanalembedwe maina pena paliponse, pamene Azungu analembedwa maina ao pamanda kapena pa zipilala. Nduna ya zachitetezo ya Britain inapepesa m'nyumba ya malamulo. Panali patapita zaka zoposa 100.

Koma chikumbutso ndi mpeni wakuthwa konsekonse. Pamene Angelezi anafuna kulumikiza Nyasaland ndi maiko awiri a Rhodesia mu Chitaganya cha 1953, mafumu ndi atsogoleri a Nyasaland African Congress anatenga mau omwewo a kukhulupirika nawabweza kwa eni ake, nafunsa kuti ngati ana a dziko lino anafera Mfumu kawiri, nanga bwanji tsopano akuperekedwa m'manja mwa Azungu a ku Salisbury. Apa napo chikumbutso cha nkhondo chinagwira ntchito ya ndale, kungoti ochigwiritsawo anali abale a akufawo, ndipo chimene ankapempha chinali kubwezedwa kwa ngongole.

UFULU NDI AKUFA AKE

Pa 3 Malichi 1959 Bwanamkubwa Robert Armitage analengeza lamulo la nthawi ya chisokonezo. Dr. Hastings Kamuzu Banda ndi anzake anamangidwa, ndipo anthu oposa 50 anaphedwa m'dziko lonse, ena mwa iwo padooko la Nkhata Bay. Ena mwa oombera anali asilikali a Keyala. Dziko litalandira ufulu m'chaka cha 1964, tsikulo linakhala Tsiku la Ofera Dziko, ndipo mu ulamuliro wa chipani chimodzi linkasungidwa mwamantha. Wailesi inkaimba nyimbo zachisoni tsiku lonse, ndipo munthu wopezeka akulima, akugulitsa malonda kapena akusangalala ankaona zakuda m'manja mwa achinyamata a chipani. Chisoni chinasanduka lamulo, monga momwe khadi la chipani ndi baji ya nkhope ya Kamuzu zinasandukira chiphaso chopitira pamsika.

Anthu a ku Mangochi anaona bwino lomwe momwe wolamula amasankhira akufa ndi amoyo oyenera kukumbukiridwa. Henry Masauko Chipembere wa ku Malindi anali m'ndende ya ku Gwelo pamodzi ndi Dr. Banda chifukwa cha 1959 yemweyo. Koma atasemphana pa mkangano wa nduna wa 1964, natsogolera anthu ake kukalanda boma la Fort Johnston mu Febuluwale 1965, nkukalephera padooko la Liwonde, dzina lake linakhala loletsedwa kulitchula, ndipo anamwalira ku America m'chaka cha 1975 asanaonenso kwao. Pa Tsiku la Ofera Dziko ana a sukulu ankamva za nkhondo ya ufulu monga ngati anaimenya munthu mmodzi.

Ulamuliro wa zipani zambiri utabwera m'chaka cha 1994, boma la Bakili Muluzi linachotsa tsiku la Kamuzu pa masiku a tchuthi, niliika tsiku la Chilembwe pa 15 Januwale, ndipo nkhope ya Chilembwe inalowa m'malo mwa ya Kamuzu pa ndalama za pepala. Bingu wa Mutharika atalowa anabwezeretsa ulemu wa Kamuzu. Anatsegula chiliza chake chachikulu ku Lilongwe m'chaka cha 2006, iye mwini natenga dzina la Ngwazi, ndipo m'chaka cha 2009, chimene chinali chaka cha chisankho, anavundukula chifanizo cha Kamuzu patsogolo pa nsanja yokumbukira asilikali a nkhondo mumzindawo. Kamuzu sanakhalepo msilikali, pakuti nthawi ya nkhondo yachiwiri anali dotolo ku England. Komabe mlendo wofika pa nsanja ya asilikali amayamba waona iye. Aliyense mwa atsogoleriwa anali ndi zifukwa zake zomveka, koma aliyense anasankhanso akufa amene akanamuthandiza pakati pa amoyo.

Mwambo wa duwa sunathe ndi atsamunda. Sabata la Popi limatsegulidwa ndi mtsogoleri wa dziko pogula duwa loyamba kwa bungwe la asilikali opuma, atolankhani akujambula, ndipo Lamulungu lachiwiri la Novembala akuluakulu amaika nkhata za maluwa pa zipilala. Ndalama zake zimathandiza asilikali okalamba, monga amene akhala akusungidwa m'nyumba za chikumbutso ku Cobbe Barracks ku Zomba. Palibe choipa m'menemo, ndipo mtsogoleri wokana kupita kumwambo wotere angakhale wamwano. Funso lili pa masabata ena 51 a chaka, pamene makamera achoka ndipo nkhalambazo zatsala ndi mamendulo ao m'kachitini.

MAMENDULO A BENI

Anthu a kwa Mponda sanadikire boma kuti liwapangire chikumbutso. Asilikali ndi amtengatenga pobwera ku nkhondo ya Chiwaya anadza ndi gule wa Beni, amene anayambira m'mizinda ya Aswahili ya kugombe cha m'ma 1890, ndipo dzina lake linachokera ku liwu la Chingelezi lotanthauza gulu la oimba malipenga. Ovina amavala makhaki ndi zisoti, amapachika mamendulo ambirimbiri pachifuwa, amakhala ndi maudindo monga a usilikali, ndipo amaguba potsata ng'oma ndi wezulo, akazi akuthira mang'ombe. Azungu a boma ndi a Mishoni ankamukayikira guleyu, posadziwa ngati anthu akuwasirira kapena akuwaseka, ndipo zonse ziwiri zinalimo.

Wovina Beni amavala mendulo imene sanaipate pa nkhondo, ndipo palibe womunena kuti ndi wabodza. Chifukwa chake nchakuti bwalo lonse limadziwa kuti ndi gule, ndiponso zimene akuvinazo zinachitikira agogo ake enieni. Sapempha voti, ndipo gule akatha amavula yunifolomu nabwerera ku ngalawa yake kapena kumunda. Nzoona kuti andale anamuitananso Beni kumisonkhano yao, monga anachitira ndi magule ena onse, nyimbo zake nkusanduka zotamanda atsogoleri. Koma guleyo anakhalapo iwo asanabadwe, ndipo ndiye wasunga mbiri ya mitolo ndi maulendo imene nsanja ya pa Shire sinalembe.

ZIMENE MPHUNZITSI ANGACHITE

Pa mwambo wa makolo maliro ali ndi eni ake. Mfumu imafika, imakhala pampando waulemu, imayankhula, koma imadziwa kuti namfedwa ndi wina. Imapereka chipepeso, imaonetsetsa kuti amasiye asalandidwe munda, ndipo pa tsiku la kumeta kapena la sadaka imafunsa ngati zonse zinalongosoka. Mlendo wolira mokweza kuposa ofedwa, maso ali pa anthu omuona, amadziwika msanga, ndipo akuluakulu amangoyang'anana. Muyeso womwewo ndi wokwanira poyesa wandale wovala duwa. Akulira yani, ndipo kodi angatchule dzina la mmodzi yekha mwa iwo? Wapereka chiyani kwa otsala? Ndani amene wasiyidwa osatchulidwa, ndipo chifukwa ninji?

Sikuti mphunzitsi aphunzitse ana kunyoza atsogoleri kapena kupeputsa mwambo wa Novembala. Ntchito yake ndi kubwezera chikumbutso kwa eni ake. Akuluakulu anati kandimverere anakanena za m'maluwa, ndipo mwana womva za nkhondozi kudzera m'zoyankhula za pamsonkhano pokha adzangodziwa maluwa okhaokha. Asilikali a Chiwaya anatha onse, ndipo a ku Burma atsala owerengeka, koma m'midzi ya Mponda, Makanjira, Jalasi ndi Nankumba muli mabanja amene akudziwa kuti agogo ao anapita ku Keyala kapena ku utengatenga. Ena akusunga mendulo, ena chikalata chotulukira usilikali, ena dzina lokha. Mphunzitsi atume ana akafunse kwao, alembe m'kope dzina la munthuyo, mudzi wake, kumene anapita, ndiponso ngati anabwerako. Aitane mkulu wa Beni adzafotokoze tanthauzo la maudindo ndi mayendedwe a guleyo. Akapita ndi ana ku nsanja ya pa Shire, awasimbire za Rhoades ndi Berndt, pakuti nzoona ndipo ana amakondwa nazo, koma awasonyezenso doko nawauze za anthu amene ananyamukira pomwepo.

Ndipo tsiku la 11 Novembala likafika, asanakhale chete mphindi ziwiri, mwana mmodzi aimirire nawerenge maina a m'kopemo mokweza. Sukulu yochita zimenezi chaka ndi chaka idzakhala ndi mndandanda umene boma la atsamunda silinalembe, ndipo ana ake akadzakula nkuona mlendo wa duwa pachifuwa akuyankhula pamsonkhano, adzakhala ndi maina omufunsa.